Mwana wa miyezi 16 amene anali asanaphunzire kutafuna: kuyeza, chithandizo ndi zotsatira

Lipotili ndi la mwana wamkazi wobadwa masiku asanakwane, amene anatumizidwa kwa ife ku mafizo kuchokera ku sikelo ali ndi miyezi 16. Pa kapepala komutumizira analembapo zinthu ziwiri: sakukwera sikelo, ndipo amasanza akangolawa chakudya cha mibulu. Ntchito yanga, pachipatala chachikulu cha boma lina m'chigawo chapakati, ndi kuthandiza ana ovutika kudya, kumeza ndi kulankhula. Ndalemba nkhaniyi poganizira anamwino a ku sikelo, anzathu a ku NRU (chipinda chogonekamo ana onyentchera kwambiri) ndi alangizi a zaumoyo, chifukwa ana otere amafikira kwa iwo, ndipo kawirikawiri amalandira phala la Likuni n'kubwerera kwawo popanda wina kukhala pansi n'kuonerera mmene akudyera. Mayi a mwanayu anavomera kuti nkhani yake ilembedwe. Dzina lake, mudzi ndi chipatala sindizitchula.

Mbiri ya mwanayu

Ndi chisamba. Anabadwa pa masabata 33 a mimba, akulemera makilogalamu 1.8. Analira atangobadwa, sanakomokepo, ndipo chikasu chimene anali nacho chinali chochepa, chosafuna kumuika pa magetsi. Kwa masabata pafupifupi awiri ankalandira mkaka wofinya wa mayi ake kudzera pa kapaipi ka m'mphuno, kenaka pa kapu, ndipo bere anayamba kuligwira ali ku kangaru, kumene mayi amafungatira khanda lobadwa msanga pachifuwa, khungu ndi khungu. Izi sizodabwitsa. Mwana amayamba kuyamwa chala ali m'mimba, koma kugwirizanitsa kuyamwa, kumeza ndi kupuma kumayamba kukhwima pakati pa masabata 32 ndi 34, moti ana obadwa pa msinkhu umenewu ambiri amafunika thandizo asanayambe kukhuta ndi bere lokha. Mayi alibe HIV. Katemera, vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba zonse zinalembedwa bwino m'buku la mwana la kuchipatala.

Mayi anayamwitsa mwakathithi miyezi 6, ndipo phala analiyamba miyeziyo itangokwana. Koma mwanayu anafulumira kubadwa ndi masabata 7, choncho m'kamwa mwake munali mwa mwana wa miyezi inayi ndi theka. Pa msinkhu umenewo khanda limakankhira kunja ndi lilime chilichonse chimene si bere, ndipo silichita dala. Khalidwe lobadwa nalo limeneli limazilala pakati pa miyezi 4 ndi 6. Apabanja ataona phala likubwerera pachibwano anati mwana akulikana chifukwa chalimba. Anawonjezera madzi. Litayamba kutsika mosavuta anaona ngati apeza njira.

Ali ndi miyezi 8, mwana wina wa pamudzi anamupatsa njere ya chimanga chokazinga. Anatsamwa zenizeni: mawu anazima, milomo inada, mpaka agogo ake anamuzondotsa n'kumumenya pamsana njereyo n'kugwa. Kuyambira tsiku limenelo chakudya chonse cha mwanayu chinkadutsa pa sefa. Ankadya phala la ufa woyera lamadzimadzi, lothira shuga, katatu patsiku, ndipo masiku ena msuzi wosefa wa nyemba kapena wa masamba. Pomudyetsa ankamugoneka chagada pamiyendo, mutu uli chakumbuyo, manja atawakulunga m'chitenje, n'kumathira phalalo ndi kapu kapena ndi dzanja. Chilichonse chimene watola kuti aike m'kamwa, ngakhale chala chake, ankamulanda. Chakudya chimodzi chinkatenga mphindi zoposa 40, akulira ndi kutsokomola. M'buku lake munalembedwa chibayo kawiri, pa miyezi 10 ndi pa miyezi 13. Bere anali akuyamwabe usana ndi usiku, ndipo ndikhulupirira kuti ndilo linamusunga.

Mayi amakhala kwawo limodzi ndi mayi awo, ndipo bambo a mwana amakhala nthawi yaitali ku ganyu. Pa za kadyedwe ka mwana mawu omaliza ndi a agogo. Iwo ankakhulupirira kuti lilime la mdzukulu wawo ndi lomangika pansi, ndipo anali atayamba kufunsira munthu woti akalidule. Sindikuwaona ngati olakwa. Amene anaonapo mwana akuda milomo m'manja mwake saiwala, ndipo zonse zimene banjali linkachita zinali zofuna kumuteteza.

Kuyeza thupi

Kulemera kwake kunali makilogalamu 7.4. Lamba woyezera pamkono anaonetsa masentimita 11.9, pachikasu, kutanthauza kunyentchera kwapakati. Kufiira kumayambira pansi pa 11.5. Mapazi sanali otupa. Adokotala anapeza magazi ochepa pang'ono n'kumulembera mankhwala owonjezera magazi, ndipo zizindikiro za TB panalibe.

Kakulidwe ndinakayeza ndi MDAT, chida choyezera ana chimene chinakonzedwa konkuno ku Malawi n'kufalitsidwa mu 2010, ndipo ndinawerengera msinkhu wake wochotsera masabata 7 aja, monga timachitira ndi ana obadwa msanga kufikira zaka ziwiri. Ankakhala yekha, ankakwawa, ankaimirira ndi kuyenda chogwirira. Kuyenda yekha anali asanayambe, koma pa miyezi 14 ndi theka zimenezo sizinandidetse nkhawa. Ankatola kanthu kakang'ono ndi chala chachikulu ndi cholozera, ngakhale kuti sankakapititsa kukamwa. Pa chilankhulo ndi pamene anatsalira: ankangoti "mamama", "dadada" mwa apo ndi apo, popanda liwu lenileni. Miyendo ndi manja sizinali zouma, mbali zonse ziwiri zinkagwira ntchito mofanana, ndipo sindinaone chosonyeza kuti ubongo unavulala pobadwa. Thunthu lokha ndi limene linali lofooka pang'ono, monga amakhalira mwana wonyentchera.

M'kamwa munali mano 8 akutsogolo, ndipo mano oyamba otafunira a m'mbali anali akutumphuka. Kumwamba kwa m'kamwa kunali kotseka bwino mpaka kumbuyo, popanda mng'alu ngakhale wobisika. Zilonda zoyera panalibe. Lilime linkatuluka kupitirira mlomo wam'munsi, linkakwera m'mwamba akamalira, ndipo nsonga yake sinkapindika pakati. Silinali lomangika. Ndinawaitana agogo kuti aone okha ndi tochi, chifukwa kungowauza sikukanakwanira. Milomo inkakhala yotseguka akangokhala, ndipo dovu linkanyowetsa malaya pachifuwa.

Kuonerera akudya

Gawo limeneli ndilo linapereka yankho. Ndinapempha mayi kuti ayambe kumudyetsa monga amachitira kunyumba, ndi phala lomwe anabwera nalo. Atangomugoneka, mwana anayamba kukana kapu isanafike n'komwe. Phala linkathamangira kummero iye asanakonzeke kumeza. Anatsokomola kangapo, maso anadzaza misozi, ndipo kulira kwake kunamveka konyowa, ngati pakhosi patsalira madzi. Mutu ukapendekera kumbuyo njira ya mpweya imakhala yotseguka, ndiye zamadzimadzi sizivuta kulowera kolakwika. Chibayo chobwerezabwereza chija ndinachiganizira pamenepa.

Kenaka anayamwa bere, ndipo anali ngati mwana wina. Anagwira bwino, kuyamwa, kumeza ndi kupuma zinkatsatana mwadongosolo, sanatsokomole, ndipo mawu anatuluka oyera atamaliza. Zimenezi zinandiuza kuti kumeza kwake kulibe vuto pamene iye mwini ndiye akulamulira liwiro. Tiyenera kukumbukirabe kuti kuyeza ndi maso ndi makutu sikungatsimikizire kuti palibe kalikonse kakulowa m'mapapo mwakachetechete; chimene chimaonetsa zimenezo ndi ekiselo yojambula mwana akumeza, ndipo m'zipatala za m'maboma mulibe. N'chifukwa chake chifuwa chake ndinachiika pa zinthu zoyenera kuzilondoloza mwezi ndi mwezi.

Atapuma tinamukhazika chilili pamiyendo ya mayi, manja ali omasuka. Ndi supuni yaing'ono ndinamupatsa phala losalala koma lolimbirapo. Anayasamula pang'ono. Mlomo wam'mwamba sunatsike kuti ukokolole phala pa supuni, ndipo lilime linkangopita kutsogolo ndi kumbuyo ngati akuyamwa, moti theka linabwerera kunja. Nthochi yokanya yokhala ndi timibulu inakhala pakati pa lilime osasuntha. Kambulu katangokhudza chakutsogolo kwa lilime, anayasama, nkhope inafiira, anachita ngati asanza, ndipo kachiwiri anasanzadi. Mayi anadzuka ndi mantha: "Adokotala, ndi zimenezi, watsamwa!" Sanatsamwe. Ankapuma, ankalira mokweza, milomo inali yofiira. Kusiyana kwa zinthu ziwirizi tinadzakuphunzira bwino pambuyo pake.

Pomaliza ndinatenga kachakudya ka chimanga kofufuma ka m'mapaketi, kamene kamasungunuka kokha ndi malovu, n'kukagwirizira pa nkhama za m'mbali. Analuma katatu kapena kanayi, nsagwada ikukwera ndi kutsika. Lilime silinatsatire kumbaliko, koma kachakudyako kanasungunuka ndipo anameza osabweza. Kwa ine ichi chinali chizindikiro chabwino kuposa zonse za tsikulo.

Ganizo langa pa vutoli

M'kamwa mwa mwana mumakula motsatana. M'miyezi yoyamba lilime, milomo ndi nsagwada zimayenda pamodzi ngati chinthu chimodzi, ndipo ntchito yake ndi kuyamwa basi. Cha pa miyezi 6 mwana akayamba kukhala tsonga, nsagwada imayamba kukwera ndi kutsika pa chakudya, ndipo mlomo wam'mwamba umaphunzira kuchotsa chakudya pa supuni. Pakati pa miyezi 7 ndi 9 lilime limayamba kupita kumbali. Pamenepa ndi pamene pagona kutafuna. Nsagwada ili ngati munsi, ndipo lilime ndi dzanja lobwezera chimanga pakati pa mtondo. Dzanjalo likapanda kugwira ntchito, munsi umangogunda pachabe. M'chaka chachiwiri nsagwada imayamba kuyenda mopendekera, ndipo kutafuna kozungulira kwa munthu wamkulu kumakhazikika pakati pa zaka ziwiri ndi zitatu, nthawi yomwenso mano 20 a ubwana amakwanira.

Palinso chitetezo chobadwa nacho chimene chimachititsa mwana kukhala ngati asanza chinthu chikakhudza lilime. Mwa khanda chimadzuka msanga, chinthu chikadali chakutsogolo. Mwana akamaika zala, nsonga ya chitenje, supuni ndi zakudya m'kamwa, malo odzutsa chitetezocho amasunthira kumbuyo pang'onopang'ono. Mwana wathuyu anamanidwa zonsezi kwa miyezi 8, ndipo m'kamwa mwake munaima pamene munali.

Kuti kutafuna kuli ndi nyengo yake yophunzirira si nkhani yatsopano. Madokotala awiri a ku Britain, Illingworth ndi Lister, analemba mu 1964 kuti mwana amene sapatsidwa zakudya zolimba pa nthawi yomwe wayamba kutha kutafuna amadzavuta kuzilandira mtsogolo. Kafukufuku wamkulu wa ana a m'dera la Avon, kufupi ndi Bristol, wofalitsidwa mu 2009, anapeza kuti ana amene anayamba zakudya za mibulu atapitirira miyezi 9 ankadya mitundu yochepa ya zakudya, makamaka zipatso ndi masamba, ndipo anali ndi mavuto ambiri a kadyedwe ali ndi zaka 7. Nyengoyo ikadutsa khomo silitsekeka, koma ntchito imakula.

Kunyentchera kwake nakonso kunachokera m'kapu yomweyo. Mimba ya mwana imalandira pafupifupi mamililita 30 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, ndiye mwana wa makilogalamu 7.4 sangapitirire kwenikweni mamililita 220 pa chakudya chimodzi. Phala lamadzimadzi la ufa woyera nthawi zambiri limakhala ndi mphamvu zochepa kuposa mkaka wa m'mawere. Mwanayu ankadzaza mimba ndi madzi, n'kutayanso gawo lina posanza.

Ndinalemba m'faelo kuti: kuchedwa kwa luso la m'kamwa chifukwa chosazolowera, m'kamwa mosalola kukhudzidwa, mantha pa chakudya obwera chifukwa chokakamizidwa, kukayikira kuti zamadzimadzi zimalowera m'mapapo akadyera chagada, kunyentchera kwapakati, ndi kuchedwa kulankhula kofunika kuyeza makutu.

Chithandizo

Choyamba chinali kakhalidwe. Kudyera chagada kunatha tsiku lomwelo. Mwana azikhala chilili, chiuno chili m'kati, mapazi ataponda pansi, chibwano chitaweramira pachifuwa pang'ono, wodyetsa ali kutsogolo kwake pamsinkhu wa maso kuti mwana asamayang'ane kumwamba. Kunyumba anagwiritsa ntchito beseni lochapira lotsamira kukhoma, ndi chitenje chopinda kumsana. Manja asamangidwenso. Kuthira ndi kapu kapena ndi dzanja, ndi kumutsina mphuno kuti ayasame, tinagwirizana kuti zisachitikenso. Ndinapempha supuni yaing'ono yosazama, yodzaza theka, yoikidwa pakati pa lilime n'kuitulutsa mowongoka osapalira pa mano am'mwamba, kuti mlomo ugwire ntchito yake. Mwana akatembenuza mutu adikire. Akakana katatu asiye. Chakudya chisapitirire mphindi 30.

Chachiwiri chinali phala lenilenilo. Anzathu a zakudya anamuika pa pologalamu ya phala la Likuni, ndipo kunyumba ufa woyera unalowedwa m'malo ndi mgaiwa wothira nsinjiro, supuni ya mafuta ophikira, ndipo masiku ena dzira kapena usipa wosinja. Muyezo wake unali wakuti phala lisagwe msanga supuni ikapendekeka. Sabata zoyamba ankavutika ndi phala lolimba chomwecho, ndiye tinagwiritsa ntchito ufa wa chimera, umene agogo anali nawo kale wa thobwa. Kaufa kochepa ka chimera kakathiridwa m'phala lofunda kamalifewetsa popanda kuwonjezera madzi, choncho mphamvu zake sizichepa. Likafewa liwiritsidwenso pang'ono asanapatse mwana. Tinkachepetsa chimeracho sabata ndi sabata mpaka chinasiyidwa. Zakudya zinakwera kufika pa zinayi patsiku ndi zotolatola kawiri, mogwirizana ndi malangizo a WHO a ana a miyezi 9 mpaka 23, ndipo bere linapitirira.

Chachitatu, chimene ndinathera nthawi yambiri, chinali kuphunzitsa kutafuna. Chakudya chokhutitsa ndi chakudya chophunzirira tinazisiyanitsa. Phala linakhala losalala kuti azikhuta mwamtendere. Kuphunzira kunkachitika kwa mphindi zochepa chakudya chisanayambe, ali ndi njala koma asanakwiye. Tinayamba ndi tizakudya tofufuma tija. Sindititamanda ngati chakudya, muli mchere wambiri ndipo thupi silipindulamo, koma pophunzitsira kuluma n'tothandiza chifukwa mwana akalephera kutafuna timasungunuka tokha. Mayi ankakagwira kumapeto n'kuika nsonga inayo pa mano a m'mbali, lero kumanja kenaka kumanzere, osati pakati pa lilime. Chakudya chikakhala kumbali lilime limachifunafuna, ndipo kuchifunafuna kumeneko ndiye phunzirolo. Patapita masabata awiri tinasinthira ku mbatata yophika kwambiri yodula motalika ngati chala, maungu, mapeyala, papaya wakupsa ndi nthochi, iye mwini akuzigwira.

Pokweza kulimba kwa chakudya ndinatsatira makwerero a IDDSI, muyezo wa padziko lonse wa kulimba kwa zakudya ndi zakumwa za anthu ovutika kumeza, amene amayambira pa 0 kufika pa 7. Mwanayu anayambira pa 4, chakudya chosalala. Kenaka 5, chonyowa cha timibulu tosaposa mamilimita 2. Kenaka 6, tizidutswa tofewa tosaposa mamilimita 8. Kwa apabanja sindinatchule manambala. Ndinawauza kuti chidutswa chiphwanyike mosavuta pakati pa zala ziwiri. Chinthu chimodzi ndinaletsa ndithu pachiyambi: msuzi wamadzi wokhala ndi zidutswa zoyandama, chifukwa madzi amathamangira kummero pamene zidutswa zikufuna kutafunidwa, ndipo mwana wongoyamba sangathe zonse ziwiri nthawi imodzi. Nsima nayo inafuna kusamala. Yolimba imamatirira kumwamba kwa m'kamwa, choncho tinayamba ndi yofewa, timbamu tating'ono toviika mu ndiwo zotendera. Madzi ankamwa pa kapu yaing'ono yotsegula, pang'onopang'ono, mutu uli wowongoka.

Anamulolanso kusewera ndi chakudya, kudzipaka phala, kuika zala ndi supuni yake m'kamwa, atamusambitsa m'manja ndi sopo. Tinawonjezera kasuwachi kofewa kotsukira mano, kamene kanathandizanso kuzoloweza nkhama ndi m'mbali mwa lilime kukhudzidwa. Ndinapempha kuti azidyera pamphasa limodzi ndi ena, aziona anthu akutafuna.

Zonsezi sizikanayenda popanda kuchotsa mantha a akulu. Ndinakhala ndi mayi ndi agogo pamodzi. Mwana akafiira, akutsokomola, akutulutsa mawu, lilime lili panja, ndiye kuti akudziteteza yekha: musamugwedeze, musakuwe, musapise chala m'kamwa, muyang'anitsitseni mpaka chidutse. Akakhala chete, osatha kulira kapena kutsokomola, milomo ikuda, pamenepo watsamwa. Ndinawaonetsa pa chidole mmene angamuweramitsire mutu uli pansi n'kumumenya kasanu pakati pa mapewa ndi chikhatho, ndi zoyenera kuchita zikakanika, ndipo aliyense anayeserera mpaka manja atazolowera. Mtedza wosasinja, chimanga chokazinga, maswiti olimba ndi nsomba za minga tinaziika pambali. Mtedza wathunthu usaperekedwe mpaka zaka 5. Agogo anafunsa kuti, "Ndiye mwati tizingomuyang'ana akuvutika?" Ndinawayankha kuti, "Agogo, inu ndi amene munamupulumutsa tsiku lija, ndipo diso lanu ndi limene lidziwe ngati zafika poopsa. Zikakhala zinazi, mupatseni mpata." Kuyambira pamenepo iwo ndiwo anakhala woyang'anira nthawi yophunzirayo, ndipo za kudula lilime sanazitchulenso.

Mmene zinayendera

Kutsokomola pa chakudya kunatha m'sabata yoyamba, atangosiya kudyera chagada. Pa miyezi 17 ankakokolola supuni ndi mlomo, chakudya chinkatha m'mphindi 25, ndipo kusanza kunali kwa apo ndi apo. Lilime linayamba kupita kumanja, kumanzere kunachedwerapo.

Pa miyezi 18 anadwala malungo, ndipo mayi anali ku maliro kwa masiku angapo. Chilakolako cha chakudya chinatsika, sefa inabwereranso, ndipo anadzafika kwa ife akukana mibulu imene anali atayamba kuilandira. Kubwerera m'mbuyo pa nthawi ya matenda n'kofala ndipo sikufuna kukalipira munthu. Tinatsika khwerero limodzi lokha, osati kuyambiranso pansi, ndipo patatha masabata awiri anali pamene anasiyira. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo anathandiza kwambiri powayendera pa nthawi ya chakudya chamasana.

Pa miyezi 21 ankalemera makilogalamu 9.0, lamba wa pamkono ali pa masentimita 13.0, pobiriwira. Ankadya nsima yofewa ndi nyemba zokanya, masamba otendera odula bwino, dzira, mbatata ndi zipatso, zambiri akudzidyetsa yekha ndi dzanja. Lilime linkasamutsa chakudya kuchoka pakati kupita mbali zonse ziwiri, ndipo nsagwada inali itayamba kuyenda mopendekera. Nyama ndi chinangwa zinali zikumukanikabe, ankazitafuna n'kulavula. Dovu linkatuluka pokhapokha akatanganidwa ndi masewera. Chibayo sichinabwerenso, ndipo anayamba kuyenda yekha pa miyezi 18 malungo aja asanamugwire.

Za masewera a m'kamwa ndi za kulankhula

Wophunzira wina amene anali nafe pa nthawiyo anafunsa chifukwa chake sitinapereke masewera olimbitsa m'kamwa, monga kusisita masaya, kuuzira, kapena kutulutsa ndi kubweza lilime. Amapezeka kwambiri pa intaneti ndipo makolo amawakonda chifukwa amaoneka ngati mankhwala. Minofu ya mwanayu sinali yofooka. Woyamwa mwamphamvu chotere alibe vuto la mphamvu. Chimene chinkasowa ndi luso, ndipo luso la kutafuna limabwera potafuna chakudya chenicheni. Pa za kulankhula, kuunika kwa mu 2015 kwa Cochrane, bungwe losonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wa zaumoyo, sikunapeze umboni wokwanira wakuti masewera a m'kamwa opanda mawu amathandiza ana ovutika kutchula mawu. Kudya ndi kulankhula zimagwiritsa ntchito milomo, lilime ndi nsagwada zomwezo, koma ubongo umaziyendetsa mosiyana, moti kuphunzira chimodzi sikubweretsa chinzake. Mayi wokhala ndi dimba, mtondo ndi ulendo wa kumjigo ali ndi mphindi zowerengeka, ndipo sindifuna kuzithera pa zinthu zopanda umboni.

Motero chilankhulo tinachisamalira pachokha: kumutchulira dzina la chimene wagwira, kumuimbira, kubwereza mawu amene watulutsa n'kudikira kuti ayankhe. Pa miyezi 21 anali ndi mawu asanu ndi limodzi omveka, monga "mama", "gogo" ndi "mazi" pofuna madzi, ndipo ankamva malamulo afupiafupi ngati "bweretsa kapu". Ndi kupita patsogolo, koma akadali kumbuyo kwa anzake ngakhale titachotsera masabata 7 aja, ndipo sindikunena kuti mawuwo anabwera chifukwa chophunzira kutafuna. Mwana wokhuta, wosadwaladwala, amene akulu akucheza naye maso ndi maso kanayi patsiku, ali ndi zifukwa zambiri zoyambira kulankhula.

Ana obadwa masiku asanakwane ali pachiopsezo chachikulu cha vuto la kumva, choncho ndinamulembera kalata yokayezetsa ku kiliniki ya makutu ya African Bible College (ABC) ku Lilongwe. Pamene ndikulemba lipotili ulendowo sunachitike chifukwa cha ndalama ya thiransipoti, ndipo banja lati lipita likagulitsa soya. Pa pologalamu ya phala la Likuni watulutsidwa. Sikelo apitiriza mwezi uliwonse, ndipo anamwino apemphedwa kutidziwitsa akapezeka ndi chifuwa kapena sikelo ikaima. Kwa ife adzabweranso akakwanitsa zaka ziwiri, kuti tidzamuyezenso ndi MDAT, tidzaone ngati wayamba kulumikiza mawu awiri, ndiponso tidzayese nyama yofewa yodula mopingasa.